A Veho, Mkamwini Wosatha Kukhala Chete

Mwezi uno atate akwanitsa chaka ali m'manda, koma ine mtima sunatsike. Mlongo wanga wa ku Lusaka wandiimbira foni kuti ndilembe mawu oika pa chiliza, poti ndine amene ndinakhala nawo mpaka kumapeto. Akuti mawu okoma, aafupi. Ndamuuza kuti adikire. Ndilembe zokoma zanji, munthu atagona kumanda a m'tauni muno mu Chipata pakati pa anthu osawadziwa, amayi ali okhaokha kumudzi ku Chiparamba? Pa ukalamba wawo atate ankafuna chinthu chimodzi basi: kufera m'nyumba imene anamanga ndi amayi, n'kuikidwa pambali pawo. Sanachipeze. Ndakwiyira amene anawamana, ndipo atate eni akewo ndawakwiyiranso, mwinanso kuposa.

Dzina lawo la ubatizo linali Benedikito, a kwa Mbewe, koma mukafunsa dzina limenelo ku Chiparamba anthu aziyang'anana. Kumeneko anali a Veho. Anawapatsa dzinali ndi ana a pasukulu ya pulayimale imene anaphunzitsapo moyo wawo wonse, ndipo linawakanirira, moti ngakhale azimayi a kumpingo ankandifunsa kuti, "A Veho adzuka bwanji?" osadziwa n'komwe kuti akuyankhula Chilatini. Atate sankadandaula nalo. Ankangowongola katchulidwe.

Ena amadwala mowa, ena mpira. Atate ankadwala liwu limodzi. Nkhani yake ndinaimva kambirimbiri, ndikhoza kuinena ndili m'tulo. Ankati kalekale, zaka zikwizikwi zapitazo, kuzigwa za udzu kutali uko, cha kumene lero kuli Yukireni ndi kumwera kwa Rasha, kunali anthu oweta ng'ombe. Sankalemba, sanasiye mzinda, ngakhale dzina limene ankadzitchula palibe akulidziwa. Koma anali ndi ngolo zokokedwa ndi ng'ombe, ndipo kunyamula munthu kapena katundu pa ngolo anali nako liwu lake. Liwulo palibe wamoyo analimvapo. Akatswiri a zilankhulo anachita kulilondola, monga muja timayang'anira mphuno za ana n'kudziwa mphuno ya agogo awo, ndipo amalilemba chonchi: *wegh-. Kanyenyezi kakutsogoloko, atate ankati, n'kovomereza kuti tikungoyerekeza. Anthu aja anabalalika, ena kumadzulo, ena kum'mawa mpaka ku India, liwu lija nalo pa ulendo, likusintha nkhope paliponse pamene lafika. Kwa Aroma linasanduka veho, kutanthauza kuti ndikunyamula, ndipo m'menemo munatuluka vehicle wa Chingerezi. Angereziwo alinso ndi wagon, ngolo yeniyeniyo, ndi way, njira yodutsa ngoloyo, ndi weigh, kuyeza kulemera, poti chinthu umayamba wachinyamula kuti udziwe kulemera kwake. Ajeremani motoka amati wagen. M'chilankhulo chakale cha ku India munali vahati, akunyamula. Akafika apa ankatambasula manja ngati wansembe pa guwa, n'kunena kuti onsewa ndi ana a mayi mmodzi.

Nkhaniyo ndi yokoma, sindikana. Choipa n'chakuti atate sankadziwa nthawi yake. Tsiku lina tinapita kukagulitsa thonje. Kalaliki wakoleka thumba lathu pa sikelo, atate amugwira paphewa.

"Mnyamata, ukudziwa kuti chimene ukuchitachi ndi ngolo ili apoyo, m'Chingerezi ndi pachibale?"

"A Mbewe!" amayi anakuwa. "Maso pa muvi wa sikelo! Zachibalezo mukanene kunyumba!"

Pa malire a Mwami, tikamawolokera ku Mchinji, mzere wodinditsa ziphaso unkatipitirira iwo ali panja, manja kumbuyo, akuzungulira mathiraki, ati akuona zidzukulu za ngolo ija. Dalaivala wina anawagulira botolo la zoziziritsa kukhosi kuti mwina pakamwa patanganidwe. Anamwa, anathokoza, n'kupitiriza pamene analekezera. Chonsecho munthu ameneyu ngolo analibe, ng'ombe sanamangepo pa goli, motoka sanayendetsepo. Moyo wawo wonse anayenda pa njinga yakuda yolira ngati mwana wa mbuzi.

Ndikunena zimenezi kuti mumvetse chimene ndinaona kumapeto. Zaka zawo zomaliza anakhala kwa ine ku Kapata, m'tauni muno. Nyumba yanga ili m'mbali mwa msewu, ndipo tsiku lonse pamadutsa njinga zonyamula anthu, njinga zamoto, mawilibala, malole a chimanga. Ndinkawaikira mpando pakhonde ndikamapita ku ntchito, pobwera n'kuwapeza pomwepo, akuyang'ana zonsezo kukamwa kuli tsekee. Ana anga ankawaputa dala, "Agogo, iyo ndi chiyani m'Chilatini?" Iwo ankangoti, "Ndi lole, mwanawe." Zinkandipweteka kuposa muja ankatichititsa manyazi pagulu.

Chilatinicho anachitenga ku seminale ali mnyamata. Unsembe sanaufike. Iwo ankati anachoka okha, amayi ankati anawatopa nawo mafunso. Kwawo kunali cha ku Mchinji, koma makolo awo anamwalira msanga, ndipo uphunzitsi unawaponya ku Chiparamba kumene anapeza amayi, a Nabanda. Anakwatira chikamwini monga mwa Achewa: mwamuna ndiye amasamukira kumudzi kwa mkazi, amalima munda wa kuchikazi, ana amakhala a kwa mayi. Wansembe wina wokalamba anawasiyira dikishonale yaikulu yofotokoza kumene mawu anachokera, ndipo m'menemo ndi m'mene anakumana ndi kanyenyezi kaja. Koma amene anakoleza moto weniweni anali a Yusufu, mmwenye wa sitolo ya nsalu kumashopu akumunsi m'tauni, mnzawo wa zaka zambiri.

Ndinalipo tsikulo, tinapita kukagula nsalu ya yunifolomu. A Yusufu akudula nsalu anayamba kusimba za agogo awo, kuti anawoloka nyanja kuchokera ku India pa chombo, n'kuchitchula chombocho m'Chigujarati, vahan. Atate anagwetsa chipewa.

"Mwati chiyani, a Yusufu? Tabwerezani!"

"Vahan, aphunzitsi. Chombo. Mwadabwa chiyani?"

"Chonyamula! Ndi lomwelija! Ladutsa ku India, lakwera chombo, landipeza pa Chipata pano!"

A Yusufu anaseka mpaka kuika sizasi pansi. Ndiye poti anali munthu woputa dala, anawonjezera nkhuni. Anati iwo Asilamu ukwati amati nikah, liwu la Chiarabu, koma anzawo Achihindu amati vivah, ndipo anamva kuti tanthauzo lake lakale ndi kunyamula mkwatibwi kupita naye kwa mwamuna. Atate anaiwala nsalu pa kauntala. Anapalasa njinga ine ndili pa kaliyala, osapuma pa chitunda chilichonse, ndipo asanatsike n'komwe anayamba kuitana.

"Nabanda! Nabanda! Amwenye nawo ali ndi chitengwa! Ndipo liwu lake ndi lomwe lija la ngolo!"

Amayi anali akusenda mtedza. Sanadzutse mutu.

"Chitengwa cha Amwenye mwachidziwa. Nanga chanu mudzapempha liti?"

Imeneyo ndiyo inali ndewu ya m'nyumba mwathu, yosatha. Amayi ankafuna kuti atate apemphe chitengwa kwa abale awo, awatenge apite nawo pamalo pawopawo, kaya ku Mchinji, kaya kugula puloti m'tauni. Ankati mkamwini ndi mkamwini, ngakhale imvi zimere m'makutu, ndipo tsiku limene iwo adzatsogole atate adzaona nkhope zenizeni za pamudzi. Atate ankaseka. Ku Mchinji apite kwa yani? Nanga angawachotse ndani, munthu amene anaphunzitsa mudzi wonse kugwira pensulo? Atapuma pa ntchito, zonse zimene anapatsidwa anazithira m'nyumba ya njerwa zootcha, ya malata, pa dothi la kwa amayi. Amayi analira tsiku limene malata anafika, ndipo anthu ankayesa kuti ndi chimwemwe.

Mwini mbumba kwathu ndi atsibweni anga a Lazaro, mlongo wawo wa amayi. Iwo ndiwo anali ndi ngolo, ng'ombe zinayi, ndi mtima wosunga zinthu. Ndi atate sankamwerana madzi. Atate ankawawongola pagulu, pa ukwati, pa msonkhano wa feteleza, ngakhale pa mapemphero. Atsibweni akamanga ng'ombe, atate ankaima pambali n'kuyamba za anthu a kuzigwa aja, atsibweni n'kunena kuti, "Alamu, patukani, ng'ombe zanga sizimva Chilatini." Anthu ankaseka, ife tinkayesa ndi nthabwala za pachilamu. Koma ndinene chilungamo: ana a atsibweni omwewo anadya m'nyumba mwathu, anagona m'nyumba mwathu, ndipo atate ankawaphunzitsa masamu madzulo aliwonse osatopa. Mkazi wa atsibweni atadwala mwakayakaya, anali atate amene anamuperekeza kuchipatala n'kugona pakhonde la wodi mpaka anachira. Zimenezi pamudzi paja palibe akuzikumbuka, onse anadwala matenda oiwala.

Amayi anamwalira nthawi ya dzinja, atadwala pang'ono chabe. Tinawaika kumanda a mudzi, kumsitu wa kuseri kwa dambo. Ndinadziwa chimene chikubwera, choncho tsiku lometa lisanafike ndinapita kwa amayi aakulu, mkulu wawo wa amayi, amene mawu awo pamudzi paja amalemera kuposa a mwamuna aliyense. Anandikhazika pamphasa n'kundiuza bwinobwino.

"Tamvera, Nambewe. Atsibweni ako adzayankhula mawu a mwambo, akuti mkamwini ntchito imene anabwerera yatha, ndi womasuka kubwerera kwawo. Usanjenjemere, amanenedwa pa maliro alionse otere. Akatha, iwe ndi mlongo wako mudzagwade, mupemphe kuti atate anu akhale, akalamba, alibe kopita. Ine ndidzavomera. Lazaro sangandikane pagulu. Atate ako adzangowomba m'manja, basi yatha. Koma pakamwa atseke. Mkamwini pa bwalo lotere sayankhula, womuyankhulira alipo. Wandimva?"

Ndinathamangira kwa atate. Ndinawauza kamodzi, kawiri, ndinawagwira manja.

"Atate, chonde. Mawa musanene kanthu. Ngakhale anene zotani."

"Ndamva, Nambewe. Ine si mwana."

Tsikulo anthu anadzaza pabwalo la nyumba yathu, azimayi pamphasa uku, azibambo pamipando uko. Atate anakhala pakati, mutu wometedwa, atavala jekete limene amayi ankalikonda, pambali pawo msuweni wawo wina wochokera ku Mchinji amene anabwera kudzawayankhulira. Atsibweni anaimirira. Anathokoza anthu, anathokoza adzukulu okumba manda, kenaka anafika pa mawu aja. Anati munthu uyu ndi wobwera, tinamulandira, anabwerera ntchito, ntchitoyo waigwira, lero yatha. Ine ndinali nditayamba kale kukonza chitenje kuti ndigwade. Mlongo wanga anali atatsika kale pampando.

Ndinangomva mpando wa atate kuti gwede.

Mayo ine! Anaimirira, manja kumbuyo, monga ankachitira kutsogolo kwa kalasi. Msuweni uja anawakoka jekete, iwo anamusasa.

"Alamu, mwati wobwera. Ndifunse nawo: pano wosabwera ndani?"

Ndinawayang'ana ndi maso opempha, iwo osandiona n'komwe. Anayamba. Abale, anayamba nkhani ya ngolo pa maliro a mkazi wawo! Anthu a kuzigwa aja, ng'ombe zawo, liwu lawo loyenda, Aroma, Ajeremani, agogo a a Yusufu pa chombo. Anati munthu chiyambire ndi wonyamulidwa, palibe anamera pansi ngati bowa. Anati Angoni anachokera kumwera dzulodzuloli, ndipo Achewa nawo anasenza akatundu awo kuchokera ku Uluba n'kupeza Akafula ali kale kuno. Mpaka apo mwina anthu akanati ndi chisoni chawasokoneza mutu. Koma anatembenuka, natambasula dzanja monga ankalozera pa bolodi, n'kuloza kumsitu kuja ndi chala.

"Ngakhale agona ukowo, onsewo, ndi obwera!"

Azimayi anakuwa. Wina anati, "Kalanga ine, waloza!" Manda salozedwa ndi chala, mwana aliyense amadziwa, ndipo atate ankadziwa bwino lomwe. Analoza makolo a eni mudzi, nawatcha alendo, dothi la pamanda a amayi lisanaume. Amayi aakulu anafunda chitenje kumutu n'kutembenukira kukhoma.

Atsibweni sanakalipe. Akanakalipa bwenzi zinatha tsiku lomwelo. Anadikira atate akhale pansi, n'kuyankhula motsitsa, ngati akufunsa mtengo wa mchere.

"Tamva, aphunzitsi. Poti tonse ndife apaulendo, inu tsogolani. Nyumba ndi ya ana, palibe akuilanda. Koma inu mukakolola, muzipita."

Ine ndi mlongo wanga tinagwadabe. Tinapempha, ndinalira mpaka mawu anatha. Ndinayang'ana kwa amayi aakulu, chitenje chili chifundire. Sanavomere, sanakane, ndipo pamenepo ndiye kuti anakana.

Mundiuze, ndikwiyire yani? Atsibweni anali atadikira tsiku limenelo zaka zonse, ndipo atate anawapatsa m'manja ngati mphatso. Koma nanga chala chimodzi n'chochotsera nkhalamba m'nyumba yake? Sakanawalipiritsa mbuzi, nkhuku, n'kuwauza kuti apepese? Milandu yoposa pamenepo inatha ndi nkhuku pamudzi pomwe paja, ya chigololo, ya kubaya mnzako ndi mpeni pa mowa. Eni milanduyo akali pomwepo, akuwothera dzuwa. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo anabadwira pamenepo.

Atakolola tinawasamutsa. Mwana wa a Yusufu anabwera ndi motoka, koma mlatho wa pakamtsinje unali utagumuka ndi mvula, choncho anaima kumsewu waukulu. Atsibweni anatumiza ngolo yawo, ati kuthandiza. Kuthandiza! Tinakwezapo bedi, mabuku, njinga yakuda ija. Atate anati ayenda pansi, koma miyendo inawakana tisanafike n'komwe padambo, ndipo tinawakweza pamwamba pa matiresi. Anadutsa mudzi wonse ali pa ngolo, chipewa pa mawondo, osatchula liwu ndi limodzi lomwe. Anthu amene anawaphunzitsa kulemba maina awo anaima m'makomo n'kumayang'ana. Palibe anatuluka kudzagwira dzanja, palibe anati pitani bwino aphunzitsi. Ena mwa iwo lero amandipatsa moni mu msika wa Kapata, ndipo ndimayankha chifukwa ndinaleredwa.

Kwa miyezi ndinaugwira mtima. Koma Lamulungu lina titachokera ku Misa, akudandaula kuti m'tauni muli phokoso, kuchipinda n'kotentha, madzi akununkha mankhwala, zinandikwana.

"Atate, musandidandaulire ine! Munali ndi nyumba yanu yozizira bwino. Ndinakupemphani chinthu chimodzi. Chimodzi! Kungokhala chete kanthawi kochepa, kuwomba m'manja. Mwana wa giredi wani akanatha!"

"Ndinanama pati?"

"Simunaname! Ndiye taonani kumene choonadi chanucho chakugonekani, m'chipinda chosungiramo makala!"

Anayamba kupotokola chipewa. Ndinayesa kuti akukonza phunziro lina, ndinali wokonzeka kutuluka. Koma anayankhula ndi mawu ena, aang'ono, amene sindinawamvepo.

"Nambewe, unamva zimene ananena? Anati ndinabwerera ntchito. Ntchito yatha. Amayi ako sanali ntchito."

Ndinakhala pansi, iwo napitiriza.

"Ndinafuna kuwauza zimenezo. Nditaimirira, pakamwa panatuluka zimene ndinazolowera. Zinazo sindinaphunzire kuzinena pagulu."

Ndinalira, koma musaganize kuti mkwiyo unatha. Unakula. Munthu wodziwa kumene mawu a Aroma ndi Amwenye anachokera, n'kulephera kunena kuti ndinamukonda mkazi wanga, ndisiyeni ndikhale pafupi naye! Akananena zimenezo, amayi aakulu akanavula chitenje chija, mudzi wonse ukanalira nawo. Ndinawauza kuti tiyeni tipite mukanene lomba, tikagwire nkhuku, mukapepese. Anati apita miyendo ikakhala bwino. Kenaka anati apita mvula ikatha. Kenaka anati iwo sangagwadire Lazaro, munthu woti kalata amachita kumuwerengera. Ameneyo ndiye anali atate anga, kufewa m'mawa, kuuma masana.

Atayamba kufooka, anandiitana n'kundiuza kuti zivute zitani ndikawagoneke pambali pa a Nabanda. Sananene mokuluwika, sanaikemo Chilatini. Anandigwira dzanja n'kunditchula dzina langa la ubwana. Ndinalonjeza.

Anamwalira m'mawa wina kuchipatala, ndipo tsiku lomwelo ndinakwera motoka wa ku Chiparamba. Ndinapeza atsibweni akukonza goli pansi pa mtengo wa mango. Ndinagwada patali, ndinawomba m'manja, ndinanena zonse mwaulemu monga ndinaphunzitsidwira. Anandisiya ndimalize.

"Pepa, Nambewe. Iwe malo ako alipo kumsitu kuja, mlongo wakonso alipo. Koma munthu analoza makolo athu ndi chala, nawatcha alendo, ndipo mpaka wafa sanabwere kudzapepesa. Lomba tikamugoneke pakati pawo? Akagona bwanji?"

"Atsibweni, wafa munthu. Mukulimbana ndi mtembo?"

"Sindikulimbana ndi munthu ine. Ndikusunga mudzi."

Ulemu unandithera pomwepo. Ndinaimirira. Ndinawafunsa kuti ana awo anaphunzira kuwerenga pa miyendo ya yani. Ndinawafunsa kuti amene anagona pakhonde la wodi, udzudzu ukumudya, mkazi wawo ali pakati pa moyo ndi imfa, anali wobadwira pamudzi kapena wobwera. Ndinawauza kuti chimene akusunga si mudzi, ndi chidani cha pa msonkhano wa feteleza. Azimayi anatuluka m'nyumba kudzandigwira. Amayi aakulu anandikokera kuseri n'kunena kuti, "Mwana wanga, ukanabwera nawo ali moyo." Ngati kuti nkhalamba ija inali thumba la chimanga loti ungalinyamule pamutu.

Tinawaika m'tauni. Kunabwera aphunzitsi anzawo ochepa, a kumpingo, ndi a Yusufu, okalamba zedi, atagwiriziridwa ndi mwana wawo. Anaima patali pang'ono, ndipo pobalalika anandiuza kuti sitolo yawo yakhala chete kwambiri. Kuchokera ku Chiparamba kunabwera anthu osakwana benchi imodzi. Lonjezo langa linathera pamenepo, ndipo mpaka lero ndikadutsa kumandako ndimayenda mofulumira.

Sabata yatha ndinapita kumudzi koyamba chichitikire zimenezo, kukalambula pamanda a amayi. Pobwerera ndinapatukira kunyumba kuja, imene akuti ndi yanga. Atate atachoka, abale anaikamo mdzukulu wa amayi aakulu kuti aziisunga. Anakhalamo dzinja limodzi n'kupita ku Lusaka. Malata a mbali imodzi anawazula, akuti anabwereka, ali pa shedi ya fodya ya atsibweni. Zitseko kulibe, mafelemu a mawindo kulibe. Pabalaza pali manyi a mbuzi ofika m'kakolo, chiswe chakwera khoma mpaka pamwamba. Ndinalowa kuchipinda kwa atate ndi amayi. Kumwamba kuli mtambo, ndipo pakona pamera tchire la chisoso lofika m'chiuno. Pa simenti pakuonekabe timaenje tinayi pamene panakhala miyendo ya bedi zaka zonse zija.

Amayi aakulu ananditsatira ndi ndodo yawo, naima pakhomo osalowa. Ndinawafunsa kuti nanga m'nyumba muno mumagona yani tsopano.

"Palibe," anatero. "Angagonemo ndani? Ndi nyumba ya aphunzitsi."